ALENDO A KUNYANJA ASAMANGODUTSA PA ZALEWA

Chaka chilichonse mvula ikakata, kuyambira mwezi wa May kufikira October, pa chipata cha Mwanza pamalowa galimoto za maonekedwe achilendo. Kumbuyo kwake kumakhala kachipinda kogonamo, mbaula yophikira ndi thanki ya madzi, ndipo zina zimasenza tenti pamwamba pa denga. Eni ake ambiri amachokera ku South Africa kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete, pamene ena ndi a ku Ulaya amene amatha miyezi akuyendayenda m'maiko a mu Africa. Onsewa mtima wawo umakhala uli pa Nyanja ya Malawi.

Palibe angawadzudzule. Nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo munthu woyenda ndi nyumba yake angathe kugona ku Cape Maclear lero, ku Senga Bay mawa, kenaka ku Nkhotakota, ku Chintheche ndi ku Nkhata Bay mpaka kukafika ku Chitimba, pansi pa phiri la Livingstonia. Malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980, bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Mbiri yotere dziko lino liyenera kuinyadira.

Koma atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma a ku Neno ayenera kuzindikira chinthu chimodzi. Mlendo wochokera ku Mwanza amatsata msewu wa M6 mpaka pa Zalewa, pamene umakumana ndi msewu wa M1, ndipo pamenepo ndi pomwe amakhotera kumpoto kulowera ku Balaka. Zalewa ndi Neno. Boma limeneli, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, lilibe gombe ngakhale limodzi, komabe ndilo khomo lolowera kunyanja kwa alendo ochokera kummwera. Chomvetsa chisoni nchakuti ambiri amangochepetsa liwiro pa mphambanoyo, nkupitirira ndalama zawo zili m'thumba.

Mlendo wa mtundu umenewu ndi wosiyana ndi wobwera pa ndege. Safuna chipinda cha kuhotela chifukwa bedi ali nalo. Safuna wophika chifukwa amadziphikira yekha. Iye amafuna ndiwo zamasamba, zipatso, mazira, madzi abwino odzaza m'thanki, makanika wodziwa ntchito, ndiponso malo ampanda oti aimikepo galimoto usiku popanda mantha. Zonsezi ndi zinthu zimene munthu wamba angathe kugulitsa, ndipo ndalama yake imagwera m'manja mwa mlimi mwachindunji. Kodi Neno ikusowa chiyani pamenepa? Manachesi a m'chigawo chimenechi ndi otchuka m'dziko lonse lino. Kumapiri a kwa Mfumu Dambe kumachokera mbatata ya kachewere. Ngati mlendo akukagula zakudya za ulendo wake wonse m'sitolo zazikulu za mu Blantyre, vuto silili pa nthaka ya Neno ayi.

Tsono nchiyani chimene mlendoyo amaona akamadutsa? Amaona matumba a makala atandandalika m'mphepete mwa msewu, umboni wakuti mitengo ya m'mapiri ikutha. Wootcha makala sachita zimenezi chifukwa chodana ndi nkhalango. Amachita chifukwa ana akufuna chakudya ndi fizi. Kumulanda thumba lero sikuthetsa kanthu, pakuti mawa adzabwera ndi lina. Koma mtengo wa nachesi umabereka chaka ndi chaka, pamene mtengo wa makala umagulitsidwa kamodzi kokha. Uwu ndiwo uthenga umene matcheyamani a nthambi ndi a madera ayenera kupita nawo ku misonkhano, m'malo momangowerenga maina a anthu obwera.

Khonsolo ya boma la Neno, mogwirizana ndi Mfumu Yaikulu Symon ndi mafumu ake, ipatule malo pafupi ndi mphambano ya Zalewa, iwatchinge bwino, iikepo mpope wa madzi, zimbudzi zaukhondo ndi alonda. Izi sizilira mamiliyoni a ngongole zakunja. Amayi a Chipani akonze msika waudongo pambali pake. Achinyamata aphunzitsidwe kuperekeza alendo, pakuti zooneka zilipo: mtsinje wa Shire, mathithi a Nkula pamene makina oyamba opangira magetsi anayamba kugwira ntchito mu 1966, a Tedzani amene anatsatira mu 1973, ndi phompho la Mpatamanga. Msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza, umene anthu aulirira zaka zambiri, ndiwo ungadzatsegule mapiri ozizira a Kirk Range kwa alendo otopa ndi kutentha kwa kunyanja, choncho aphungu asaleke kuukumbutsa.

Palinso za khalidwe, ndipo pamenepa mpofunika kulankhula mosapsatira. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Masiku ano mameyo amakamuka atalemba kale pa intaneti zonse zimene waona, ndipo anzake mazanamazana amakonza ulendo wawo potsata zimenezo. Wogulitsa amene akweza mtengo katatu chifukwa waona khungu loyera wapindula tsiku limodzi, koma waphera anzake msika wa chaka chonse. Wantchito wa Boma amene achedwetsa mlendo pa msewu poyembekezera ya fanta wanyoza yunifolomu yake ndi Boma limene linamulemba ntchito. Nalonso kholo lolola mwana kujomba kusukulu kuti azithamangira galimoto kupempha makobidi liitanidwe kwa mfumu. Kale, pansi pa lamulo la kavalidwe la 1973, mlendo ndiye ankapimidwa pa chipata, ndipo wa tsitsi lalitali ankametedwa. Lamulolo linachotsedwa kalekale. Lero wopimidwa ndi mwini mudzi.

Nkhaniyi iikidwe pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wotsatira wa Khonsolo. Bwanamkubwa apatsidwe dzina la malo, chiwerengero cha ndalama zofunika ndi dzina la woyang'anira ntchitoyo mvula isanakate, kuti galimoto zoyamba za mwezi wa May zidzapeze chikwangwani chitaima kale pa Zalewa.