Musamunenenso mayi kuti anachedwa: mwana munamuwerenga mpweya?

Juni ndi Julayi ku Dedza si masewera. Ku Bembeke, ku Chongoni, ku Kasumbu, anthu amatseka zitseko n'kukoleza moto m'nyumba, mwana ali kumbuyo akukoka utsi. Utsiwo umafooketsa mapapo, tizilombo ta chibayo n'kupeza polowera. Mwana akatisiya, chigamulo chimatuluka maliro asanaikidwe n'komwe: "Amake anachedwa naye." Ife takana. Tikufunsa funso limene ambiri amalizemba: mayiyo atafika naye kuchipatala, ndondomeko ya chibayo inatsatidwa?

Asisi, ndondomekoyo ilipo ndipo si yovuta. Mwana akabwera ndi chifuwa kapena kubanika, wachipatala akuyenera kumukweza malaya, kuyang'ana wotchi n'kuwerenga mpweya wake kwa mphindi yathunthu. Wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, wa chaka chimodzi mpaka zisanu akapuma ka 40 kapena kuposa, n'chibayo chimenecho. Mankhwala ake ndi amoxicillin, kawiri pa tsiku, masiku asanu, osalekeza pakati. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma ka 60, musagone nalo kunyumba. Mwana amene akulephera kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena wafookeratu, ameneyo ndi wogoneka. Kamakina kopanira pachala kakaonetsa kuti okosijeni watsika pansi pa 90, aikidwe pa mpweya pompo.

Ndiye wina asatiuze kuti dziko ndi losauka, sizingatheke. Zinathekapo konkuno. Mu 2000 Unduna wa Zaumoyo unayambitsa Child Lung Health Programme m'zipatala za m'maboma. Sanabwere ndi mankhwala achilendo ayi: anaphunzitsa ogwira ntchito kutsatira ndondomeko imodzi, anaonetsetsa kuti mankhwala asamasowe, n'kumalemba za mwana aliyense. M'zaka zisanu, imfa za ana ogonekedwa ndi chibayo zinatsika ndi kupitirira theka. Pa 12 Novembala 2011 tinalandiranso katemera wa PCV13. Koma katemerayo satchinga chibayo chonse, n'chifukwa chake mphindi imodzi ija ikadali nkhani ya moyo ndi imfa.

Sitikulimbana ndi namwino amene ali yekha pamzere wofika panja. Sitikulimbana ndi alangizi a zaumoyo amene kuyambira 2008 akhala akuthandiza ana m'zipatala za m'mudzi. Koma mlangizi wopanda wotchi awerenga bwanji mpweya? Bokosi likakhala lopanda amoxicillin, apereka chiyani? Makina a okosijeni agwira bwanji magetsi akazima, jenereta ilibe mafuta? Zikatero mayi amabwerera ndi panado basi, kapena kapepala koti akagule yekha, ndalama ya kabaza atachita kukongola. Mawa ndi yemweyo amene tikumuloza chala, eti?

Mu 2001 ku Abuja, atsogoleri a mu Africa analonjeza kuti gawo la 15 pa 100 la bajeti lizipita ku zaumoyo. A khonsolo ya Dedza, makhansala, aphungu athu: tikufuna mutiuze poyera zipatala zingati m'boma lino zili ndi kamakina ka pachala kogwira ntchito, ndi zingati zili ndi amoxicillin wosungunuka wa ana lero lino. Zimenezi zimatidwe pakhomo la chipatala, aliyense aziwerenga.

Inu muli m'tauni, foni ili m'manja. Tumizani manambala awa kwa amayi, azakhali ndi alamu anu kumudzi: 60, 50, 40. Mukapita ndi mwana, funsani mwaulemu koma osanjenjemera: "Adokotala, mpweya wapezeka ungati? Mwalemba m'kabuku?" Akakukalipirani, kadandauleni kwa ombudsman wa pachipatala kapena ku komiti ya chipatalacho. Mukakayika, imbani Chipatala Cha Pa Foni. Kufunsa si mwano, mwanayo ndi wanu.