Penti sangagwire khoma pa chivomerezi

Ambirife tikamva za chivomerezi timaganiza za ku Japan kapena ku Turkey. Koma dziko lathuli lili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, momwe mulinso nyanja ya Malawi, ndipo nthaka ya kuno imagwedezeka ndithu.

M'mwezi wa March 1989 chivomerezi chidapha anthu ku Salima ndipo ena zikwizikwi adasowa pokhala. Mu December 2009 boma la Karonga lidagwedezeka kangapo motsatizana, anthu 4 adatisiya ndipo mabanja ambiri adagona m'matenti nyengo ya mvula.

Nyumba zambiri zomwe zidagwa kapena kung'aluka ku Karonga zidali za njerwa zomangira dothi. Nanga si zotere ndizo zadzaza m'matauni athu ang'onoang'ono? Onani masitolo akalekale a pa trading centre, matchalitchi, midadada ya sukulu ndi nyumba za lendi.

Khoma la njerwa limapirira kulemera kochokera pamwamba, koma likakankhidwa cham'mbali limafooka msanga. Chivomerezi chimakankha cham'mbali momwemo. Makoma amayamba kulekana m'makona, gebulo n'kugwera m'chipinda momwe mwagona ana. Ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba pamwamba pa mawindo, ndi amene amamanga makoma onse pamodzi. Nyumba zambiri zakale zilibe lambayu.

Chodandaulitsa n'chakuti tikapeza kandalama ka fodya kapena ka soya timathamangira penti ndi matailosi. Mng'alu timangoumata pulasitala kuti alendo asaone. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ena anena kuti simenti ndi yodula ndipo chivomerezi chimabwera mwa apo ndi apo. N'zoona. Koma ndalama ya matailosi a pabalaza ingathe kulimbitsa makona, ndipo nyumba yolimba imapiriranso mvula yamkuntho yomwe imatipeza chaka ndi chaka.

Choncho bambo ndi mayi, zungulirani nyumba yanu Loweruka lino. Mukaona mng'alu wochoka pakona ya windo kapena khoma lopendekeka, itanani mmisiri wodziwa ntchito. Posintha denga, ikitsani ring beam nthawi yomweyo. Bedi la ana lichoke pansi pa gebulo.

Inunso eni nyumba za lendi, musamangowerenga ndalama pakutha pa mwezi. M'nyumbamo mukugona ana a anzanu.