Wamatsenga wopanda malire amaononga masewera

Anzanga, amene mumadutsa kuseri kwa kalasi ya Fomu 3 nthawi ya bureki mwakhala mukutiona titaunjikana pansi pa mtengo ndi makope, mapensulo ndi madayisi a Ludo. Ena mumati tikutchova juga. Ayi ndithu, sitibetcha ngakhale K50. Timasewera nthano. Koma teremu yatha gulu lathu linatsala pang'ono kupasuka, ndipo chimene chinatigawanitsa ndi chomwe ndikufuna tikambirane pano.

Kwa amene simukuwadziwa, masewera amtunduwu anatchuka ndi Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Ife amene anatiphunzitsa ndi msuweni wanga wa ku Blantyre atabwera ku holide. Safuna foni kapena bando. Mmodzi amafotokoza nthano, enafe aliyense amakhala ndi mpangankhani wake. Ukafuna kuti mpangankhani wako achite chinthu chovuta, monga kuoloka mtsinje wodzaza, umaponya dayisi. Nambala ikachepa, basi wakokoloka. Ampangankhaniwa ali m'magulu: wankhondo, wozemba ngati mbala, wochiritsa ndi wamatsenga.

Vuto linabwera ndi wamatsengayu. Mnzathu wina analemba kuti wake amauluka, amasowa, amaponya moto, amadzutsa akufa, zonsezo osatopa. Tikakumana ndi chilombo, ife tisanagwire n'komwe dayisi, iye wayankha kale: “Ndachiotcha.” Tikafika pakhomo lokhoma: “Ndadutsa pakhoma.” Patatha milungu iwiri, mtsikana amene anali ndi wankhondo anatseka kope n'kunena kuti, “Aise, ndiye ifeyo tadzeranji? Sewera wekha.” Sanabwerenso.

Maganizo anga ndi akuti polemba wamatsenga, tiziyamba ndi zimene sangathe, kenaka zimene angathe. Amene anayambitsa masewerawa anazidziwa zimenezi. M'malamulo oyambirira, wamatsenga wongoyamba kumene ankaloledwa tsenga limodzi lokha patsiku. Akaligwiritsa ntchito linkachoka m'mutu mwake, mpaka agone n'kuwerenganso buku lake. Nzeru imeneyi anaitenga kwa mlembi Jack Vance, yemwe anatulutsa buku la The Dying Earth mu 1950. Ngakhale m'malamulo a 2014, moyo wa wamatsenga wophunzira m'mabuku amauwerengera ndi dayisi ya mbali 6, pomwe wa wankhondo ndi ya mbali 10. Ndiye kuti munthu woponya moto uja ndi wofooka thupi, amafunika mnzake womutchinga. Paja mutu umodzi susenza denga.

Choncho musanabweretse wamatsenga wanu pagulu, yankhani mafunso atatu. Loyamba: mphamvu zake anazitenga kuti? Mu Dungeons & Dragons wina amachita kuphunzira, wina amabadwa nazo, wina amapangana ndi chinthu champhamvu chomwe chimadzafuna malipiro. Lachiwiri: amalipira chiyani akazigwiritsa ntchito? Lachitatu: ndi chiyani chimene sangachite ngakhale zitavuta bwanji?

Ife tsopano timawerengera ndi nthanga za malambe, poti kuno malambe ndi osasowa. Wamatsenga amayamba tsiku ndi nthanga zitatu. Tsenga laling'ono nthanga imodzi, lalikulu zonse zitatu. Zikatha zatha, adikire mpangankhani wake agone. Wanga ndi woitana mvula, koma mvula imene amaitanayo amachita kulanda kumudzi woyandikana nawo. Tsiku lina m'nthano yathu tinafunika kuzimitsa moto umene unkalowa m'munda wa thonje. Ndinagwira nthanga zanga pafupifupi mphindi zisanu ndikuganiza: ndipulumutse thonje, chimanga cha anzathu chiume? Anzanga anakangana mpaka belu linalira. Tsiku limenelo ndi lomwe tinasangalala kuposa masiku onse a mnyamata wouluka uja.

Ndikudziwa ena munena kuti, “Eee, si masewera chabe? Kunyumba atilamule, kusukulu atilamule, ndiye mpaka m'nthano?” Ndikukumvani. Koma taonani bawo. Wina atati iye azidya nyumba iliyonse imene wafuna, ndani angakhale naye pansi? Bawo imakoma chifukwa aliyense wamangidwa ndi malamulo omwewo, ndipo wochenjera amaonekera pamenepo. Ngakhale Kalulu timamukonda chifukwa ndi wochepa thupi. Akanakhala ndi mphamvu za Njovu, nthano ikanathera pa “Padangotero.”

Pali malire enanso, ndipo awa ndiye sindikuseka. Mnzathu wina anajambula wamatsenga woipa wa m'nthano yake: gogo wamkazi wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, maso ofiira, lichero pambali. Tinaseka tonse, kupatula mnyamata mmodzi amene anangoti zii. Pobwerera kunyumba anandiuza kuti agogo ake anasiya kupita kumjigo masana chifukwa ana amawathawa, akuti iwo ndi amene amadwalitsa anthu. Maso awo ndi ofiira, inde, chifukwa aphika pa nkhuni moyo wawo wonse.

Zoterezi zimafika patali. Mu Januwale 2016 ku Neno, boma limene tachita nalo malire, anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndi amene anatumiza mphezi yomwe inapha mtsikana wina. Lamulo la dziko lino lokhudza za ufiti, la mu 1911, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndiye ife ophunzira, amene timati tikutsegula maso, tizijambulanso nkhope yomweyo pakope n'kumaiponyera dayisi kuti ife? Wamatsenga wa m'nthano akhoza kukhala mnyamata wogulitsa mandasi pasiteshoni ya sitima ku Nkaya, kapena mtsikana amene amamva zolankhula ng'ona za mu Rivirivi koma akatero amakhala tsiku lonse osatulutsa mawu. Woipa akhoza kukhala mfumu yadyera kapena chilombo cha m'phanga. Asafanane ndi munthu amene tingamuloze chala m'mudzi mwathu.

Kwa amene mukuopa kuti masewerawa ndi ausatana, ku America nakonso makolo ena anachita mantha otere m'zaka za m'ma 1980. Bwerani mudzaone nokha. Mudzapeza pensulo, nthanga za malambe, masamu ophatikiza ndi mkangano wa Chichewa.

Lachitatu tikaweruka tikuyamba nthano yatsopano. Amene akufuna wamatsenga abwere ndi mayankho atatu aja atalemba papepala, gulu lonse livomereze kaye. Ndipo iwe mwini wankhondo uja, ngati ukuwerenga pano, tabwerera. Woitana mvula wanga akusowa womutchinga.

Wanu,
Wa Fomu 3