Chetechete nayenso amautsa nyama

Akuluakulu, lero ndabwera ndi mlandu, ndipo woyankha mlanduwo ndi mwambi wathu womwe uja woti chetechete sautsa nyama. Mwambiwu udali wa alenje m'tchire, koma ife tidautenga n'kukaupachika pakhomo pa ofesi iliyonse yolemba anthu ntchito. Lero m'dziko muno wopeza ntchito ndi wapakamwa. Wodziwa ntchito koma wosatha kudzigulitsa amabwerera kumudzi ndi envulopu yake m'khwapa.

Ine ndine wa ku Malingunde, kwa Masumbankhunda, ndipo anthu amene ndikuwanenerawa ndimawadziwa. Inunso mumawadziwa, musakane. Pamudzi paliponse pali mmodzi. Ndi uja amati akamva kuti kubwalo kuli msonkhano iye n'kulowera kudimba. Ndi uja pamaliro amakumba manda mpaka kutha osatulutsa liwu, ena ali pamthunzi kukamba za ndale. Tidawapatsa maina ambiri: wonyada, wamwano, wozerezeka, mbutuma, chitsiru.

Tisiyanitse zinthu ziwiri kaye. Pali munthu wongofatsa chabe, amene chigulu chimamutopetsa monga momwe khasu limatopetsera enafe. Ameneyu sadwala chilichonse, ndi chibadwa chake basi. Ndiye pali wina amene ubongo wake udapangidwa mosiyanako, chimene madokotala amachitcha autism. Dokotala Leo Kanner wa ku America adachifotokoza m'chaka cha 1943. Wotereyu kawirikawiri amavutika kuyang'ana mnzake m'maso, satola msanga nthabwala ndi mawu okuluwika, phokoso limamupweteka ngati minga, ndipo safuna kuti dongosolo la tsiku lisinthe mwadzidzidzi. Ena sayankhula n'komwe ndipo adzafuna chisamaliro moyo wawo wonse. Ena amaphunzira mpaka kuyunivesite. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati m'chaka cha 2022 pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse ali ndi autism. Werengani nokha ana a m'sukulu za pulaimale kuchokera pa Nathenje kudzafika pa Mitundu mpaka ku Dzalanyama, muone kuti tikunena anthu angati. Ndipo ambiri a iwo sadapimidweko ndi dokotala aliyense.

Kwathu kuno tili ndi mayankho athuathu. Mwana akakhala wotere, bambo ake ali ndi chigayo kapena golosale, nkhani yatha: adamukhwimira. Bambo akakhala wosauka, ndiye kuti mayi adalakwira mwambo ali ndi pakati. Mbuzi zimathera kwa asing'anga, mwana ali chimodzimodzi. Akakula timamupatsa ng'ombe za amalume kuti aziweta popanda malipiro, eti bola akudya nsima. Asa! Umenewo ndi ukapolo wovala malaya a chibale.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti makolo athu, amene timawanena kuti adali osaphunzira, ankadziwa pomuika munthu wotere. Wosula makasu ankakhala yekha kuchipala tsiku lonse, palibe ankamufunsa chifukwa chake saseka. Woluka malichero ndi nsengwa, wosema mitondo, wofula njuchi, onsewa ankayesedwa ndi ntchito ya manja awo. Lichero likapeta bwino, ndani ankafunsa ngati mwini wake amadziwa kucheza? Paja adati ukaipa dziwa nyimbo.

Tsono onani chimene tidabweretsa m'malo mwake: intavyu. Anthu asanu a mataye akhala kuseri kwa tebulo, mnyamata ali yekha pampando ngati wakuba nkhuku. Funso loyamba, m'Chingerezi, n'lakuti adzifotokoze yekha. Kenaka amuchotsera mamalikisi poti sadawayang'ane m'maso. Kodi si ife tomwe tidamulera kuti mwana waulemu sayang'anitsa akulu m'maso, ndiponso kuti kudzitama n'kupusa? Kunyumba timulange akadzitama, kuofesi timulange akapanda kudzitama. Nanga alowere kuti?

Ndili ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 4. Mupatseni wailesi yakufa, akhala nayo mpaka iyankhule. Mupatseni buku la ngongole za pagolosale, akupezerani K500 imene idasowa mwezi wathawu. Adaitanidwa kukayesedwa ntchito yosunga katundu pa kampani ina m'tauni. Atamufunsa chofooka chake, iye adayankha zoona zokhazokha, kuti sakonda anthu ambiri pamalo amodzi. Adaseka onse. Ntchito idapita kwa mnyamata wina wolakatula bwino. Ine ndikufunsa: makatoni a m'nyumba yosungira katundu amafuna kucheza nawo? Amafuna kuwerengedwa, basi.

Wina anena kuti ntchito zoyenera anthu otere zili ku Ulaya kokha. Bodza. Tiyeni tiyende limodzi m'dera lathu lomweli. Pa Malingunde pali madamu awiri a Kamuzu pamtsinje wa Lilongwe, loyamba la 1966, lachiwiri la 1989, amene amamwetsa mzinda wonse. Madzi amafuna munthu wowerenga mlingo wake nthawi yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, wosatopa ndi kubwereza, wosalemba nambala yongopeka poti wachedwa kubawo. Pa Bunda pali makola a ziweto, minda ya kafukufuku ndi malabu, komwe mbewu zimawerengedwa imodziimodzi. M'zigafa za ku Mitundu fodya wa bale amafuna diso losiyanitsa tsamba ndi tsamba, pakuti mlimi aliyense akudziwa zimene zimachitika ku okushoni ku Kanengo belo likapezeka losakaniza. M'chaka cha 2018 kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals idalengeza zotsatira za kafukufuku wake wa miyala ya graphite pa Malingunde pomwepa, ndipo kafukufuku wotere amayenda ndi anthu oika dothi m'matumba, kulemba manambala ndi kusunga kaundula mosasokoneza. Onjezani utelala, ukalipentala, kukonza njinga, mafoni ndi masola, kusamala nazale, kuweta nkhuku ndi njuchi, kulemba pa kompyuta. Ntchito zonsezi mdani wake wamkulu ndi macheza.

Kunja adazindikira kale. Ku Denmark, bambo wina dzina lake Thorkil Sonne, mwana wake atapezeka ndi autism, adatsegula kampani ya Specialisterne m'chaka cha 2004 yolemba anthu otere ntchito yofufuza zolakwika m'mapulogalamu a kompyuta. Ku America kuli mayi Temple Grandin, wobadwa mu 1947, amene adafika zaka zitatu asadayambe kuyankhula. Adakhala pulofesa wa zaziweto ku Colorado State University, ndipo makola ndi tinjira todutsamo ng'ombe timene iye adajambula tidafala m'dziko lonselo, chifukwa ankaona tinthu tating'ono toopsa ng'ombe timene ena sankationa. Akadabadwira kwathu kuno bwenzi akuweta mbuzi za eni, ana akumugenda.

Koma ndisanamizepo munthu. Sikuti aliyense wa autism ndi katswiri wobisika. Ambiri ndi anthu wamba ngati inu ndi ine, odziwa zina, olephera zina. Sindikupempha kuti alembedwe poti ndi anzeru zodabwitsa. Ndikupempha kuti ayesedwe pa ntchito imene akufunsirayo.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe. Choyamba muti mutu umodzi susenza denga, munthu ndi munthu chifukwa cha anzake. Zoona. Koma posenza denga pamakhala woimbitsa nyimbo ndi wosenza, ndipo denga silikwera ndi nyimbo. Umunthu umene timaunyadirawu ngati uli ndi malo a olongolola okha, ndiye kuti ndi kalabu chabe. Chachiwiri muti ntchito zikusowa kwa aliyense, ngakhale a madigiri akugulitsa mayunitsi, ndiye tiyambe ndi ofatsa? Ine ndikuti ntchito zikachepa m'pamene muyeso uyenera kukhala wolungama. Wapakamwa akalephera kuofesi ali ndi pothawira: akaitanira minibasi, akagulitsa kaunjika, akakhala venda pamsika wa Mitundu. Wofatsa alibe kothawira, pakuti malonda onse a m'misika yathu ndi okuwa ndi kunenerera. Ngakhale akhale mmisiri, amamudyera masuku pamutu. Amutenga tebulo pangongole podziwa kuti sabwera kudzalonjerera.

Malamulo tili nawo, ndipo ndi okoma powerenga. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limaletsa tsankho chifukwa cha ulumali. Lamulo la zantchito la 2000 likunena zomwezo. Kudabwera lamulo la anthu aulumali la 2012, kenaka lina lolowa m'malo mwake la 2024. Bungwe la United Nations lidapatula 2 Epulo kukhala tsiku lokumbukira za autism kuyambira 2008. Koma tikamati ulumali, maso athu amafuna njinga ya olumala ndi ndodo yoyera. Pa Malingunde pali sukulu ya ana osaona, ndipo idatiphunzitsa tonse kuti mwana wosaona ukampatsa zilembo zopapasa amakhoza mayeso ngati wina aliyense. Palibe amamuuza kuti ayesetse kuona. Nanga bwanji uyu timamuuza tsiku ndi tsiku kuti ayesetse kukhala wochezeka?

Zimene ndikupempha sizifuna thandizo la azungu. Inu olemba ntchito, ngati ntchitoyo si yolandira alendo, chepetsani mafunso. Ikani njinga yakufa patsogolo pake, mulu wa fodya, buku la maakaunti, mumupatse maola awiri. Mukamulemba, muuzeni zochita momveka, chimodzichimodzi, kapena mulembereni papepala, osati zija zoti "uonapo wekha". Mupatseni kangodya kopanda wailesi, ndipo akakana kupita kuphwando la Khrisimasi musamulembe m'buku la amwano. Inu a TEVETA, amene mwakhala mukusula amisiri kuyambira 1999, uzani aphunzitsi anu ndi amisiri olandira ophunzira kuti wophunzira wosafunsa mafunso pagulu mwina akufuna kufunsidwa payekha. Inu aphunzitsi ndi azaumoyo a m'midzi, mukaona mwana wotere tumizani makolo kuchipatala asadagulitse mbuzi. Inu mafumu, letsani m'midzi mwanu nkhani zoti adamukhwimira.

Ndipo inu makolo ndi amalume, lekani kumukankhira mwana ku ntchito imene ikumudwalitsa poti ndi imene ili ndi taye. Yang'anani chimene manja ake amathamangira akakhala yekha, mumupezere mmisiri wodekha woti amuphunzitse. Akayamba kupanga zinthu, m'bale wapakamwa uja akhale wokagulitsa ndi kulonjerera ngongole, koma ndalama zilowe m'thumba la mwini ntchito, wogulitsa alandire gawo lake lokha. Ng'ombe za amalume zikafuna mbusa, amalume alipire.