Moto wa msilikali kuthengo: nkhuni za pompo kapena moto wonyamula?

Ukatsika Khwekhwerere m'mwezi wa Okutobala, kutentha kumakulonjera usanafike pa Golomoti. Ukakhotera kumpoto mumsewu wa M5, mapiri a Mua amakhala kumanzere, chigwa cha mpunga ndi nyanja kumanja, ndipo apo ndi apo m'mbali mwa msewu mumaima matumba a makala odzaza mpaka kusefukira, kudikira galimoto yopita ku Salima kapena ku Balaka. Dera lino la kwa Kachindamoto silachilendo kwa anthu a yunifolomu. Pa Mtakataka pali sukulu yophunzitsa apolisi, ndipo msewu womwewu ukautsata umakufikitsa ku Salima, komwe kuli koleji ya asilikali ya MAFCO.

Tiyerekeze kuti asilikali 30 atumidwa kukagona masiku atatu m'tchire la m'munsi mwa mapiriwa. Mfuti ali nazo, ufa ali nawo, nyemba ndi mchere zilipo. Funso lomwe sitimalimva pa perete ndi lakuti moto wophikira uchokera kuti. Ena amati thengo ndi lomwelo khitchini ya msilikali, akatole nkhuni. Ena amati gulu lankhondo la masiku ano lizinyamula moto wake monga momwe limanyamulira zipolopolo. Onsewa ali ndi mfundo, ndipo ndaona kuti nthawi zambiri amakangana chifukwa aliyense akuganiza za mphika wosiyana.

Makolo athu funsoli analibe. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe kuno ankaitcha ya Chiwaya, amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland anagwidwa ntchito ya tengatenga, kusenza katundu wa asilikali a King's African Rifles kulowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Mtolo wa munthu mmodzi unkaposa makilogalamu 20, ndipo vuto lalikulu la akuluakulu a nkhondo linali lakuti wosenzayo naye amadya: ulendo ukatalika, amatha yekha ufa womwe wasenza. Pamutu wotere panalibe malo a nkhuni. Pomwe dzuwa lawalowera, pompo ankatema.

Otsatira njira yakaleyi amayambira pa nsima, ndipo apa ndi povuta kuwatsutsa. Nsima si chakudya chotenthetsa chabe. Pafunika kutereka madzi, kuphika phala, kulisiya lithyakuke, kenako kuvundula ndi mthiko mphika uli pamoto, dzanja lina litaugwira kuti usagwe. Ntchito imeneyi imafuna moto waukulu ndi mafuwa olimba. Nyemba ndiye zimaposa apo: zouma zimatha maola awiri kapena atatu zili pamoto. Nkhuni sizifuna ndalama yakunja, sizifuna lole, sizithera padoko la Beira kapena Nacala. Msilikali aliyense wa kuno anakula akudziwa kuti tsanya amayaka nthawi yaitali n'kusiya makala okoma, pamene mlambe, ndi kukula kwake konse, ndi chinkhupule chosathandiza pamoto. Nzeru imeneyi boma silinalipire kuti aiphunzire. Komanso moto wa nkhuni uli ndi ntchito zina: kuumitsa nsapato ndi masokosi, kuthamangitsa udzudzu, womwe kunsi kuno si wamasewera, ndi kusonkhanitsa anthu otopa pamalo amodzi.

Maiko a azungu anapita njira ina chifukwa chakudya chawo chinalola. Ku Germany, m'chaka cha 1936, kunabwera timibulu toyera ta Esbit, topangidwa ndi mankhwala a hexamine. Kambulu ka magalamu 14 kamayaka mphindi pafupifupi 12 pa kachitofu kachitsulo kopindika kokwana m'thumba la malaya, ndipo kamawiritsa madzi a tiyi kapena kutenthetsa chitini. Asilikali a ku Britain anagwiritsa ntchito timibulu totere zaka zambirimbiri, kufikira pomwe anasinthira ku mafuta oundana opangidwa ndi ethanol otchedwa Fire Dragon. Hexamine ali ndi zilema zake: fungo lake ndi loipa, utsi wake ndi woopsa m'tenti yotseka, amadetsa mphika, ndipo amatha kupangira mabomba, moti kuyambira mu Okutobala 2023 munthu wamba ku Britain sangamugule popanda chilolezo. Aku America anafika pochotseratu lawi. M'phukusi la chakudya chawo cha MRE mumakhala kathumba ka ufa wa magnesium ndi chitsulo. Ukathiramo madzi pang'ono kamatentha kokha n'kufunditsa chakudya chomwe chinapsa kale kufakitale.

Mawu ofunika ndi omalizawo: chinapsa kale. Zipangizo zonsezi ndi zotenthetsera, si zophikira. Ukafuna kuphika nkhali ya nsima ya anthu 30 ndi timibulu, udzatha bokosi lonse phala lisanathyakuke. Ndiye wonena kuti tingokopera za ku Britain ayenera kunenanso poyera kuti akufuna msilikali wa ku Ntcheu kapena ku Karonga akhale sabata yonse akudya mabisiketi ndi zam'chitini. Masiku awiri munthu amapirira. Kupitirira apo, Mmalawi amene sanadye nsima amati wagona ndi njala, kaya m'mimba muli zinthu zotani, ndipo mtsogoleri wa gulu amene sasamala zimenezi sadziwa anthu ake.

Komabe a mbali inayo sakulankhula zachabe. Utsi wa nkhuni masana umaoneka patali, moto usiku umaoneka patali kuposa apo, ndipo fungo limayenda ndi mphepo. Pa masewera ankhondo kuseri kwa Mua izi zingangokuchotsera mamalikisi. Kum'mawa kwa dziko la Congo, komwe asilikali athu anayamba kutumikira mu 2013 m'gulu lapadera la United Nations pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa, utsi ungakuitanire imfa. Nkhalango za ku Beni ndi zamvula. Nkhuni zake ndi zonyowa, zimafuka kuposa kuyaka. Kutuma anyamata awiri kukatola nkhuni kumalo kotero ndi kuwatuma kunja kwa chitetezo cha anzawo. N'chimodzimodzi ndi omwe ankalondera njanji ya ku Nacala kumapeto a zaka za m'ma 1980, m'dziko lomwe mabomba okwirira anali m'tinjira. Ngakhale kwathu konkuno, namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, asilikali opulumutsa anthu ankagwira ntchito m'madera momwe chilichonse chinali chonyowa ndi chamatope. Pamalo otere, kachinthu koyaka ndi kamtengo kamodzi ka machesi, kopanda utsi, kotha kuzimitsidwa msanga, si kunyada ayi.

Mfundo yawo yachiwiri ndi mapiri aja ali kumanzere. Nkhalango ya Mua-Livulezi ndiyo imasunga madzi a mitsinje yotsikira kuchigwa, ndipo alimi a mpunga a sikimu ya Bwanje amadziwa chomwe chimachitika phiri likameteka: madzi amabwera onse tsiku limodzi, atasenza mchenga, kenako mtsinje n'kuuma chilimwe chisanafike pakati. Asilikali athu eni ake anatumidwapo kukalondera nkhalango ya Dzalanyama kuyambira mu 2015, kuteteza madzi a mzinda wa Lilongwe kwa ootcha makala. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020. Kungakhale kovuta kulanda thumba la makala kwa bambo wa panjinga m'mawa, madzulo n'kuphikira mtengo wa m'nkhalango yomweyo. Anthu akumudzi amaona zimenezi, ndipo saiwala.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti mbali ziwirizi zimadutsana osakumana. Asilikali 30 otola nthambi zouma masiku atatu sathetsa nkhalango. Mudzi umodzi wokha umatentha zoposa apo tsiku lililonse. Chomwe chimadya mitengo ndi khitchini yokhazikika, yophikira anthu mazana katatu pa tsiku chaka chonse, monga timaonera m'sukulu zogonera komweko ndi m'ndende, komwe nkhuni zimabwera pa lole, zipika zazikulu osati tizitsotso. Khitchini yotere ilibe mantha a mdani, ilibe vuto la kulemera kwa katundu, ili ndi denga ndi msewu. Choncho malo omwe nkhuni zimaononga kwambiri chilengedwe ndi omwenso n'kosavuta kuzisiya, pamene kuthengo, komwe nkhuni zimaika moyo pachiswe, kuononga kwake ndi kochepa. Mkangano umodzi uli ndi mitu iwiri.

Kusavuta ndikunenaku n'kwa pakamwa. Gasi amaphika msanga, alibe utsi, ndipo silinda imakwera galimoto ya asilikali bwinobwino. Koma gasi yense timagula kunja, ndi madola omwe tilibe. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mizere ya pamalo omwetsera mafuta tonse tinaigonapo. Gulu lankhondo lomwe chakudya chake chikudalira lole yodutsa malire ladzimangirira khosi pa chingwe cha eni ake. Walira mvula walira matope. Magetsi nawo ali ndi mbiri yawo. Pa Golomoti pomwepa pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe anayamba ntchito mu 2022, koma chaka chomwecho namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Wophika amene ali ndi anthu 500 oti adye 12 koloko sangadikire ESCOM. Mulu wa nkhuni kuseri kwa khitchini amausunga pa chifukwa.

Chomwe chimandikopa ine ndi ethanol, chifukwa ndi moto wonyamula womwe timapanga tokha. Ku Dwangwa akhala akumutcheza kuchokera ku zotsalira za nzimbe kuyambira 1982, ndipo ku Chikwawa kuli fakitale ya PressCane. Ngati asilikali a ku Britain akutenthetsera chakudya ethanol woundana, palibe chachilendo kuti wathu achite chimodzimodzi ndi wa nzimbe za ku Nkhotakota. Koma nayenso si mankhwala a matenda onse. Ethanol yemweyo amafunidwa posakaniza ndi petulo, ndipo sakwanira. Lawi lake masana silioneka bwino, munthu angathire mafuta pamoto woyaka osadziwa. Ayeneranso kuthiridwa zowawa, pakuti m'dziko la kachasu lino botolo lotere lingasowe lisanafike pachitofu. Ndipo nsima ya anthu 30 nayenso saikwanitsa.

Palinso anthu ena amene okonda gasi sawatchula: mayi wosenza mtolo wa nkhuni, ndi mnyamata wa njinga ya makala pa Golomoti. Kwa iwowa khitchini yaikulu ya boma ndi msika. Mukasamukira ku gasi, ndalama yomwe inkatsalira m'mudzi ipita kwa kampani ya m'tauni ndi kwa ogulitsa akunja. Sindikuti tipitirize kumeta mapiri pofuna kusunga msikawo, koma kuwerengera kwachilungamo kuyenera kuwaikamo. N'chifukwa chake nkhalango zodzalidwa dala, za bulugamu, kesha kapena nsungwi, pamalo a bungwe lenilenilo kapena mogwirizana ndi midzi yozungulira, zimandimvekera bwino kuposa silinda: ndalama imatsala pompo, mtengo wachilengedwe n'kupuma. Vuto lake ndi nthawi. Mtengo umafuna zaka zisanu kapena kuposa, pamene bajeti ya boma imaona chaka chimodzi.

Ndikanakhala wogula zinthu za gulu lankhondo, ndikanayambira pa ndiwo, osati pa moto. Nyemba zonyika usiku zimapsa msanga kuposa zouma. Soya pisi amapsa m'mphindi zochepa. Usipa wouma, womwe kunyanja kuno ndi wosasowa, ndi wopepuka, sawola msanga, ndipo safuna moto wambiri. Likuni phala ya m'mawa imatheka pa kachitofu ka m'thumba. Kagulu kopita kukazonda usiku umodzi kapena uwiri kanyamule moto wake wopanda utsi ndi chakudya chopsa kale, ndipo pamenepo ndalama yakunja ndi yoyenera kuononga, pakuti ikugula moyo. Gulu lomanga msasa kwa sabata liphike nsima yake pa nkhuni, koma nkhuni zobwera nazo pa galimoto kuchokera kumunda wa mitengo wodziwika, pa mbaula yotchinga mphepo m'malo mwa mafuwa atatu a pambalambanda. Khitchini ya kubalaki ikhale ndi njira ziwiri, ina ikafa ina igwire.

Pomwe ndimakayikabe ndi pa gulu lapakatilo, la sabata imodzi. Lole ya nkhuni imadya dizilo, dizilo ndi madola, ndipo mlungu womwe mafuta asowa, sajeni adzayang'ana tchire lomuzungulira, adzayang'ana anyamata ake anjala, n'kutuma awiri ndi chikwanje.