Malo osalembedwa amayambanitsa, ngakhale mu foni

Ku Chembe aliyense amadziwa zomwe zimachitika anthu awiri akamalimbirana malo amodzi oyanikapo usipa. Wina wamanga kale thandala lake, mnzake akubwera n'kunena kuti malowo anamusiyira agogo ake, koma palibe pomwe zinalembedwa. Mapeto ake ndi mlandu kwa amfumu, uku nsomba zikuwonongeka.

Mkangano wotere umachitikanso mkati mwa foni ndi kompyuta. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa masiku ano alangizi a zaumoyo ambiri akulemba za ana ndi amayi oyembekezera m'mafoni, kudzera pa pulogalamu ya iCHIS ya Unduna wa Zaumoyo.

M'chipangizo chilichonse muli memory yomwe inagawidwa m'timalo ting'onoting'ono, kalikonse ndi nambala yake. Wogawa malowa ndi pulogalamu yaikulu yotchedwa kernel, yomwe tingati ndi mfumu ya m'mudzimo. Mafoni a Android amagwiritsa ntchito kernel ya Linux. Kompyuta ikangoyatsidwa, kapulogalamu komwe anaikamo opanga makinawo, kotchedwa BIOS, kamapatsa kernel mapu osonyeza malo omwe ali ndi mwini kale komanso omwe ali opanda kanthu.

Vuto limabwera mapuwo akabisa zina. Akatswiri a Linux anapeza kuti BIOS ya makompyuta ena imalemba zinthu zake kumayambiriro kwa memory osanena. Kernel ikapereka malo omwewo kwa pulogalamu ina, zolembedwa zimafufutana ndipo kompyuta imasokonezeka popanda chizindikiro chooneka. M'chaka cha 2008 anayamba kusiya ma kilobyte 64 oyambirira osawagwiritsa ntchito, ndipo mu 2021 anawonjezera kufika pa megabyte imodzi yathunthu. Anaona kuti kutaya kamalo kochepa n'kwabwino kusiyana ndi kutaya zolembedwa.

Ife kuno vutoli timakumana nalo kudzera m'mamemory khadi achinyengo. Khadi limalembedwa kuti 64GB pomwe mkati muli mwina 8GB yokha. Nalonso limanamiza foni za kukula kwake. Poyamba zonse zimayenda bwino, koma malo enieniwo akadzadza, zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale kapena zimangosowa. Mayina a mafayilo amaonekabe, koma mukawatsegula mulibe kanthu.

Nyimbo zikasowa, munthu amangodandaula n'kuiwala. Nanga zikakhala zithunzi za kaundula wa ana a m'mudzi zomwe volontiya anajambula kuti akapereke kuchipatala? Boma la Mangochi ndi limodzi mwa maboma omwe anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019. Mwana amayenera kubayidwa kanayi, ndipo komaliza kamabwera akuyandikira zaka ziwiri. Pakati pa katemera wachitatu ndi wachinayi pamadutsa nthawi yoposa chaka, ndipo kuiwala n'kosavuta. Chimodzimodzinso m'dera ngati lino momwe likodzo ndi lofala: pamafunika kudziwa ana omwe amwa mankhwala a praziquantel ndi omwe anatsala.

Maganizo anga ndi akuti titengere nzeru ya akatswiri aja: malo omwe sitikuwadziwa bwino tisaikepo chinthu chamtengo wapatali. Zolemba za odwala zisasungidwe pa khadi lomwe silinayesedwe. Kuliyesa n'kosavuta. Lidzazeni ndi mavidiyo mpaka likane kulandira ena, lichotseni, libwezereni, kenako tsegulani mavidiyo oyambirira ndi omalizira. Ena akakana kutseguka, khadilo ndi labodza. Amene ali ndi kompyuta angagwiritse ntchito pulogalamu yaulere ya H2testw.

Ena anganene kuti khadi lenileni ndi lodula, ndipo volontiya salandira malipiro. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake udindowu suyenera kugwera volontiya yekha. Mabungwe omwe amagawa mafoni a ntchito aziyamba ayesa zipangizozo, komanso azithandiza ndi ndalama ya intaneti kuti zolembedwa zizitumizidwa msanga, osagona mu foni sabata zingapo. Nawo a bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards aziyenderako m'misika momwe makhadiwa amagulitsidwa.

Kwa inu makolo, pempho ndi limodzi. Ngakhale alangizi atalemba zonse mu foni, onetsetsani kuti alembanso m'kabuku ka kusikelo ka mwana wanu, kuphatikizapo tsiku lodzabweranso. Kasungeni m'jumbo kuti kasanyowe, maka ngati mumayenda pabwato. Foni itagwera m'nyanja kapena khadi litafufuta zonse, kabukuko ndi komwe kadzauze namwino katemera yemwe mwana wanu watsala naye.