Mphuno ya Galu Siifuna Chiphaso cha ku Ulaya

Pali chizolowezi china chimene chazika mizu m'dziko muno, ndipo chikuluzitsa Amalawi kuposa mmene ambiri amaganizira. Chizolowezicho ndi chokhulupirira kuti chinthu chilichonse chogwira ntchito yapamwamba chiyenera kutsika m'ndege. Pa makina a kuchipatala kapena injini ya sitima palibe wotsutsa, pakuti dziko lino silipanga zimenezo. Koma maganizo omwewa akafika pa galu, nyama imene imagona paphulusa m'mudzi uliwonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, munthu woganiza ayenera kuima kaye ndi kufunsa. Agalu a polisi ndi ofunika, koma ndi ochepa kwambiri. Adzapitirira kuchepa ngati dziko lidalira kuwagula kunja, kumene amayesedwa ndi muyeso wa eni ake, muyeso umene eni akewo amausintha akafuna.

Amene akuyesa kuti nkhani ya agalu ndi yachibwana akacheze ndi alimi a kwa Chakhaza, kufupi ndi Madisi. Mlimi amalima fodya zaka zingapo kuti agule ng'ombe ziwiri zapangolo. Ng'ombezo ndizo nkhokwe yake, ndizo fizi ya ana, ndizonso galimoto yotengera wodwala kuchipatala usiku. Tsiku lina adzuka m'mamawa napeza khola lili pululu. Anthu a pamudzi alondola mapazi kudutsa m'dambo, koma akafika pathanthwe kapena patala wa msewu wa M1, maso a munthu athera pomwepo. Wapolisi abwera ndi kope ndi cholembera, ndipo si kulakwa kwake kuti alibe china. Umboni ukasowa, mphekesera ndizo zimalowa m'malo mwake. Mlendo wongodutsa kapena mnyamata amene anabapo nkhuku kale ndiye amalozedwa chala, ndipo dziko lino laona kangapo anthu akumenyedwa ngakhale kutenthedwa ndi khamu popanda mlandu kuzengedwa. Galu wolondola fungo akadafika pakholapo dzuwa lisanakwere, akadapulumutsa ng'ombe, mwinanso akadapulumutsa moyo wa munthu wosalakwa.

Mphamvu ya galu ili m'mphuno. M'mphuno mwake muli tizigawo tomvera fungo toposa 200 miliyoni, pamene munthu ali nato pafupifupi 6 miliyoni basi. Boma limadziwa bwino zimenezi. Mu 2018 apolisi, mogwirizana ndi nthambi yoona za nyama zakutchire pamodzi ndi mabungwe othandiza, anakhazikitsa gulu la agalu onunkhiza katundu pabwalo la ndege la Kamuzu, kufupi ndi Lumbadzi, kuti azipeza minyanga ya njovu, nyanga za chipembere ndi mamba a ngaka. Inali ntchito yotamandika. Koma bwalo la ndegelo lili m'mbali mwa msewu womwewu wa M1 umene umadutsa pa Mponela ndi pa Madisi, ndipo funso limabwera lokha: ngati njovu yapezeredwa galu, nanga ng'ombe ya mlimi? Yankho limene limaperekedwa kawirikawiri ndi lakuti agalu otere ndi odula. Ndi odula inde, koma chifukwa cha kumene amagulidwa.

Agalu a polisi monga adziwikira lero anayambira ku Ulaya. Mu 1899 apolisi a mumzinda wa Ghent ku Belgium anayamba kuyenda ndi agalu ophunzitsidwa pa ntchito yolondera usiku. Chaka chomwecho, ku Germany, Max von Stephanitz anakhazikitsa bungwe la oweta mtundu wa German Shepherd, galu amene ambiri kuno amangomutcha "galu wapolisi". Mkuluyu sankafuna galu wokongola chabe, ankafuna wantchito. Motero mu 1901 kunachitika mayeso oyamba otchedwa Schutzhund, oyesa zinthu zitatu: kulondola fungo, kumvera mbuye wake, ndi kulimba mtima pogwira munthu woukira. Ku Netherlands nako, mu 1907, kunabadwa bungwe la KNPV lokhala ndi mayeso akeake. M'mabungwe amenewa muli anthu wamba, amene amaphunzitsa agalu madzulo ndi Loweruka monga mmene ena amakondera mpira, ndipo galu akapambana mayeso amatha kugulitsidwa kwa apolisi kapena asilikali. Chitsime chimenechi ndicho chamwetsa maiko ambiri, ngakhale America amene, ndi chuma chake chonse, amagula agalu ambiri antchito ku Ulaya.

Tsono chitsime cha mwini sichikhala chimodzimodzi masiku onse. Mayeso aja anasanduka masewera opikisana, okhala ndi zikho ndi mamalikisi. Dzina lenilenilo lasintha kangapo: mu 2012 ankatchedwa IPO, ndipo kuyambira 2019 akutchedwa IGP. Mtundu wa German Shepherd unagawikana pawiri, ena oweteredwa ntchito, ena oweteredwa zionetsero, amsana wotsetsereka ndi miyendo yakumbuyo yofooka, mpaka apolisi ambiri anatembenukira kwa galu wa ku Belgium wotchedwa Malinois. Kenaka anthu a ku Ulaya anayamba kudana ndi njira zina zophunzitsira. Mu Januwale 2022 lamulo la ku Germany linaletsa makolala olasa pakhosi, ndipo apolisi a mumzinda wa Berlin anayamba aimitsa kaye agalu awo ena pantchito. Kumenya galu ndi ndodo yofewa pamayeso, pofuna kuona ngati angasiye kugwira, sikupezekanso m'malamulo a IGP a 2025. Chaka chomwecho dziko la Austria linaletsa anthu wamba kuphunzitsa agalu kuluma munthu.

Palibe chifukwa chowadzudzulira azungu pa zimenezi. Agalu ndi awo, malamulo ndi awo, ndipo kuchitira chifundo nyama si tchimo. Kumeneko mkangano ulipo ndithu: ena akuti galu wosayesedwa mokwanira adzathawa tsiku lokumana ndi chigawenga chenicheni, ena akuti galu wabwino safuna ndodo. Autsirize okha. Chofunika kwa Mmalawi ndi kuzindikira kuti pepala limene limabwera ndi galu wogulidwa lero silinena zimene linkanena zaka 30 zapitazo, ndipo posintha palibe amene anafunsa wapolisi wa ku Dowa. Komanso oweta akachepa, wogula wolemera ndiye amasankha poyamba, wosauka natola zotsala. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Dziko limene limavutika kupeza ndalama zakunja zogulira mafuta, feteleza ndi mankhwala silingapikisane ndi asilikali a America pamsika wa agalu. Ndipo galu si khasu loti likhala zaka makumi: akagwira ntchito zaka 7 kapena 8 wakalamba, ayenera kupuma, ndipo ulendo wokagula uyambiranso.

Ngakhale mayesowo akadakhala osasintha, amayesa zimene Madisi safuna kwenikweni. Pa gawo lapamwamba la IGP, galu amalondola njira ya mapazi 600 imene munthu anaponda ola limodzi lapitalo, kawirikawiri paudzu kapena pamunda wolimidwa bwino, ndipo amapatsidwa mamalikisi chifukwa choyenda mwadongosolo mphuno ili pansi. Ndi luso losiririka. Koma ng'ombe yobedwa pakati pa usiku imadziwika m'bandakucha, patapita maola asanu. Njira yake ndi ya makilomita ambiri, yodutsa m'lupsa, m'mitsinje ndi m'miyala, yopondedwanso ndi mbuzi, njinga ndi ana a sukulu, padzuwa la mu Okutobala. Galu wa zikho angathe kulephera pamenepo, popanda kulakwa kwake, pakuti sanafunsidwepo funso lotere.

Choopsa china ndi chakuti anthu akamva za galu wapolisi amaganiza za mano. Kumwera kwa Africa kuno mano amenewo ali ndi mbiri yoipa. Mu 1998 apolisi ena a ku South Africa anakhwirizira agalu awo amuna atatu a ku Mozambique amene anawagwira opanda zikalata, nati akuphunzitsa agaluwo. Anadzijambula okha, akuseka. Kanemayo ataonetsedwa pawailesi yakanema mu Novembala 2000 dziko lonse linanyansidwa, ndipo mu 2001 ena mwa apolisiwo analamulidwa kukakhala kundende. Banja lililonse la ku Dowa kapena ku Ntchisi limene lili ndi mwana ku Joni lingathe kuona kuti amuna ajawo akadatha kukhala Amalawi. Galu woluma saweruza mlandu, sadziwa wakuba ndi wothawa chifukwa cha mantha. Agalu ochepa ogwira zigawenga za mfuti adzafunikabe, koma pa agalu khumi amene dziko lino likusowa, ochuluka ayenera kukhala amphuno, opeza ng'ombe, chamba, mfuti yobisidwa ndi mwana wosochera m'nkhalango ya Ntchisi.

Apa ndi pamene galu wa kumudzi ayenera kulowa m'bwalo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo anthu a ku Dowa, eni fodya, sangatsutse. Makolo a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ankapita ku uzimba ndi agalu amene sanaonepo sukulu, koma ankadzutsa gwape m'tchire, kulondola nguluwe yolasidwa mpaka madzulo, ndi kubwerera kumudzi okha. Mlenje ankadziwa galu wamphuno ndi galu wongotsatira anzake, ndipo mwana wa galu wabwino ankaperekedwa kwa bwenzi lapamtima lokha. Kumeneko kunali kusankha mbewu, ngakhale kunalibe kaundula. Galu ameneyu wakhala ndi kutentha, nkhupakupa ndi njala kwa zaka mazanamazana, ndipo ofooka anatha kale. Ku South Africa anamupatsa dzina loti Africanis, ndipo mu 1998 kunakhazikitsidwa bungwe lomuteteza. Kuno dzina lake ndi mwala.

Galu wochokera kunja, akafika kumalo a kashembe monga nkhalango ya Nkhotakota, amagwidwa msanga ndi kaodzera wa ziweto, matenda amene apha agalu antchito m'maiko angapo a mu Africa. Oyang'anira nkhalango ya Akagera ku Rwanda ataona zimenezi anakweretsa agalu awo a Malinois ndi agalu a m'midzi, pofuna ana okhala ndi khama la uyu ndi kupirira kwa uyo. Sanadikire chilolezo cha bungwe la ku Ulaya.

Otsutsa adzati galu wa kumudzi ndi wamantha, wochepa thupi, wosakonda alendo, ndipo alibe chidwi chothamangitsa mpira, chimene aphunzitsi amagwiritsa ntchito ngati mphotho. Pa agalu ambiri zimenezi ndi zoona. Galu wokulira m'miyala ndi m'zikuni zamoto sangakhulupirire munthu, monganso mwana wokulira m'zikoti sayankha m'kalasi. Koma palibe akunena kuti galu aliyense wa pamsika wa Madisi avekedwe yunifolomu. Ngakhale mwa agalu a mitundu yotchuka, ambiri amalephera maphunziro nabwezedwa. Chofunika ndi kuyesa ana agalu ambiri akadali aang'ono ndi kusunga ochepa opambana. Ku Mfuwe, kum'mawa kwa Zambia, gulu la agalu onunkhiza la ku South Luangwa linayamba mu 2014 ndi galu wotchedwa Ruger. Nayenso anatsika m'ndege, koma analibe chikho kapena kaundula wa makolo. Anali wamtundu wosakanizika, wotoledwa ku Montana ku America atakanidwa ndi anthu, ndipo maso ake anali kufa. Komabe anapeza mfuti ndi minyanga yobisidwa, ndipo opha njovu ambiri anagwidwa chifukwa cha iye. Anamusankha poona khama ndi mphuno basi. Ndipo amene akukayikabe akumbuke bwampini. Bungwe la APOPO, limene lili ndi sukulu yake ku Morogoro ku Tanzania, linaphunzitsa khoswe wamkuluyu kununkhiza mabomba okwiriridwa, ndipo anathandiza kuyeretsa Mozambique, dziko limene linalengezedwa kuti lamasuka ku mabombawo mu 2015. Ngati bwampini, ndiwo ya anyamata oweta ng'ombe, anaphunzira ntchito, nanji galu!

Apolisi a ku South Africa ali ndi malo awo oberekera ndi kuphunzitsira agalu ku Roodeplaat, kufupi ndi Pretoria. Malawi sangayambe ndi zazikulu chotero, koma angayambe. Agalu abwino amene anagulidwa kale asakalambe opanda mbewu. Akweretsedwe pakati pawo, ena akweretsedwe ndi agalu osankhidwa a alenje. Koposa zonse, apolisi alembe muyeso wawo, woyesedwa panthaka yawo: fungo logonera, njira yodutsa pathanthwe ndi pamtsinje, thumba la chamba lobisidwa pakati pa mabelo a fodya, galu wodekha pakati pa khamu la pamsika, ndiponso wosiya kugwira akangouzidwa kamodzi. Galu wochokera ku Ulaya nayenso adutse m'mayeso omwewo asanalipiridwe.

Zimenezi si zaulere. Galu wantchito sangakhalire mikute ya nsima, amafuna chakudya chabwino, khola laukhondo, mankhwala a nkhupakupa ndi katemera wa chiwewe. Madokotala a ziweto alipo, pakuti sukulu ya LUANAR ikuwaphunzitsa kuno komwe, ndipo bungwe la Mission Rabies linaonetsa mu 2015 kuti nkotheka kubaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masabata ochepa. Pafunikanso kuti wapolisi woyenda ndi galu alemekezedwe ngati mmisiri, asamasamutsidwe chisawawa kusiya galu wake kwa mlendo, pakuti awiriwa amaphunzira pamodzi ndipo akalekanitsidwa onse amabwerera m'mbuyo. Ndalama zonsezi ndi makwacha, ndipo zimathera m'manja mwa Amalawi: wolima soya, wopha ng'ombe, mmisiri womanga khola. Agalu awiri amphuno okhala pa Mponela akhoza kufika pa Madisi, pa Dowa boma kapena ku Ntchisi fungo la wakuba lisanazilale.